Kumwamba kuli pulaneti lotchedwa Madalitso, koma ana athu sanamvepo za ilo

Akonzi,

Ndine mmodzi mwa Amalawi amene timawerenga nyuzipepala yanu pa foni tili kuno ku Johannesburg, ndipo ngakhale ndakhala ndikuiwerenga kwa zaka zambiri, aka n'koyamba kuti ndikulembereni. Kwathu ku Ntcheu ndinali mphunzitsi wa pulayimale, koma kuno ndimagwira ntchito ya ulonda wa usiku pa nyumba ina m'dera la Observatory, pafupi ndi Yeoville kumene ndimakhala ndi banja langa. Ntchito imeneyi imapatsa munthu nthawi yaitali yoyang'ana kumwamba ndi yowerenga, makamaka magetsi akazima, pamene nyenyezi zomwe kuwala kwa mzinda kumazibisa zimaoneka bwino ngati mmene zinkaonekera kwathu m'mwezi wa June.

Chandilembetsa ndi uthenga umene unazungulira pa WhatsApp pakati pa ife Amalawi a kuno, wonena kuti asayansi apeza dziko lina kumwamba lomwe kuli anthu, ndipo kuti olemera akukonzekera kusamukirako. Mdzukulu wanga, yemwe ali kusekondale, anandifunsa ngati zinali zoona. Akuluakulu ena a kumpingo kwathu, anthu anzeru zawo ndithu, anagawanika pawiri, ena akuti zonse ndi bodza la azungu, ena akuti ndi chizindikiro cha masiku otsiriza. Chimene chinandiwawa mumtima n'chakuti pansi pa mphekeserayo panali nkhani yeniyeni, yokoma kuposa mphekeserayo, koma panalibe pena paliponse pamene munthu wowerenga Chichewa akanapita kukaiwerenga yolongosoka.

Nkhani yeniyeniyo ndi iyi. Mu April 2025 gulu la asayansi a ku yunivesite ya Cambridge, lotsogozedwa ndi Nikku Madhusudhan, linalengeza kuti pofufuza ndi telesikopu ya James Webb, makina oonera zakutali amene ali kumwamba kunja kwa dziko lapansi, laona zizindikiro za mpweya wina m'mlengalenga mwa pulaneti lotchedwa K2-18b, mpweya womwe pa dziko lapansi pano umapangidwa makamaka ndi tizamoyo tating'onoting'ono ta m'nyanja zamchere. Asayansi ena atapendanso umboni womwewo anati ndi wosakwanira, ndipo mkanganowo unapitirira. Palibe amene anaona munthu, mtengo kapena nsomba. Ndiponso pulanetilo lili kutali moti kuwala, komwe kumatha kuzungulira dziko lathu lonse kasanu ndi kawiri pa sekondi imodzi, kumatenga zaka pafupifupi 124 kuti kufike kuno kuchokera kumeneko. Za kusamukirako, choncho, palibe ndi zokambirana zomwe.

Ndiloleni ndiyambire pa chimene makolo athu ankachidziwa kale. Nthanda, imene alimi ndi apaulendo ankadzukira nayo mbandakucha, si nyenyezi monga zinzake. Ndi pulaneti, lomwe m'mabuku limatchedwa Venus. Nyenyezi imayaka yokha, ndipo dzuwa lathu ndi imodzi mwa nyenyezi, kungoti ili pafupi nafe. Pulaneti silitulutsa kuwala kwake, limangobweza kuwala kwa nyenyezi imene likuizungulira, monga mmene denga la malata limang'animira masana. Dzuwa lathu limazunguliridwa ndi mapulaneti asanu ndi atatu, ndipo dziko lapansi ndi lachitatu. Pamene ine ndinkaphunzira uphunzitsi, palibe munthu padziko lonse amene ankadziwa motsimikiza ngati nyenyezi zina zija, za mu Nsangwe kapena za Akamwiniatsatana kapena zosawerengeka za mu Mlalang'amba, zilinso ndi mapulaneti awo. Funso limeneli layankhidwa m'masiku a moyo wathu womwe uno, ndipo ine ndimaona kuti ndi chimodzi mwa zinthu zazikulu zimene m'badwo wathu wazitulukira.

Oyamba anapezeka mu 1992, pamene Aleksander Wolszczan ndi Dale Frail anaona mapulaneti ozungulira chotsalira cha nyenyezi imene inaphulika kalekale, malo omwe palibe amene ankayembekezera kupezako kanthu. Kenako mu 1995 asayansi awiri a ku Switzerland, Michel Mayor ndi Didier Queloz, anapeza pulaneti lozungulira nyenyezi yofanana ndi dzuwa lathu, yotchedwa 51 Pegasi. Pulanetilo ndi chimphona cha mpweya, cholemera pafupifupi theka la Jupiter, pulaneti lalikulu koposa mwa ozungulira dzuwa lathu, koma chodabwitsa chinali chaka chake. Jupiter wathu amatenga zaka pafupifupi 12 kuti azungulire dzuwa kamodzi, ndipo ngakhale Mercury, yemwe ali pafupi kwambiri ndi dzuwa, amatenga masiku 88. Ili linkamaliza ulendo wake wonse m'masiku anayi ndi maola ochepa. Malinga ndi zomwe zinkaphunzitsidwa nthawi imeneyo, pulaneti lalikulu chotero silikanatha kupangika pafupi motero ndi nyenyezi, chifukwa zimphona zotere zimafuna malo ozizira akutali kumene kuli madzi oundana ambiri. Akatswiri anayenera kuvomereza kuti ankaganiza molakwa, ndipo lero ambiri amakhulupirira kuti mapulaneti otere amabadwira kutali kenako n'kusamukira pafupi ndi nyenyezi yawo pang'onopang'ono. Nditawerenga zimenezi koyamba ndinakhala kanthawi ndikuganizira ife amene tinabadwira ku Ntcheu, ku Mzimba ndi ku Mangochi koma tikukalambira kuno ku Joni. Mayor ndi Queloz analandira mphoto ya Nobel mu 2019.

Mdzukulu wanga anafunsa funso limene mwana aliyense wanzeru angafunse: ngati zili kutali chotero, amaziona bwanji? Yankho lake ndi lakuti ambiri mwa mapulanetiwa sanaonedwepo ndi maso ngakhale pa chithunzi, koma amadziwika ndi zomwe amachita ku nyenyezi yawo. Njira yoyamba ili ngati kuyang'ana nyali ya koloboyi patsidya la dambo usiku, n'kuona kuti kuwala kwake kwachepa pang'ono pamene ngumbi yadutsa patsogolo pake. Ngati kuchepako kukubwerezabwereza pa nthawi yofanana, ndiye kuti pali chinthu chimene chikuzungulira. Pulaneti lalikulu ngati Jupiter likadutsa patsogolo pa nyenyezi yonga dzuwa limachepetsa kuwala ndi gawo limodzi mwa magawo 100, pamene laling'ono ngati dziko lathu limachepetsa ndi gawo losakwana limodzi mwa magawo 10,000. Telesikopu ya Kepler, imene inatumizidwa m'mlengalenga mu 2009 n'kugwira ntchito mpaka 2018, inapeza mapulaneti oposa 2,600 mwa njira imeneyi.

Njira yachiwiri ndi imene Mayor ndi Queloz anagwiritsa ntchito. Mayi akagwira mwana manja onse awiri n'kumamuzunguza pabwalo, nayenso mayiyo amapendekera uku ndi uku chifukwa cha kulemera kwa mwanayo. Nyenyezi nayo imagwedezeka chimodzimodzi chifukwa cha kukoka kwa pulaneti lake. Aliyense amene anaimapo m'mbali mwa msewu wa Louis Botha ambulansi ikudutsa amadziwa kuti kulira kwake kumakhala kokwera pamene ikubwera ndipo kumatsika pamene yapitirira. Kuwala kumachitanso chimodzimodzi: nyenyezi ikamasendera kwa ife mtundu wa kuwala kwake umasintha pang'ono, ikamabwerera umasinthanso. Jupiter amagwedeza dzuwa lathu pa liwiro la mamita pafupifupi 12 pa sekondi, ndipo dziko lapansi limaligwedeza ndi masentimita osakwana 10 pa sekondi, liwiro la kamba. Kuti anthu apange makina otha kuyeza kusuntha kochepa chotero pa nyenyezi zakutali, ine ndimaona kuti ndi luso loyenera kulemekezedwa, ndipo ndi lomveka bwino ngakhale kwa mwana wa Sitandade 8 ngati wina atakhala pansi n'kumufotokozera m'chinenero chake.

Pofika mu March 2022 chiwerengero cha mapulaneti otsimikizika chinapitirira 5,000, ndipo chikukwerabe. Koma chimene chimandigwira mtima si kuchuluka kwake ayi, ndi kusiyana kwake ndi zonse zimene tinazolowera. Tengani lotchedwa WASP-76b. Lili pafupi kwambiri ndi nyenyezi yake moti mbali imodzi yokha ndiyo imayang'ana nyenyeziyo nthawi zonse, monga mmene mwezi umationetsera nkhope imodzi yokha. Mbali ina ndi masana osatha, ina ndi usiku wosatha. Kumbali ya masana kumatentha kupitirira madigiri 2,000, kutentha komwe sikungosungunula chitsulo koma kumachisandutsa nthunzi. Mphepo yamphamvu imanyamula nthunziyo kupita nayo kumbali ya usiku, kumene kuli kozizirirako, ndipo asayansi amene anayeza zimenezi ndi telesikopu yaikulu ya ku Chile analengeza mu 2020 kuti kumeneko chitsulocho chiyenera kuti chimasanduka madontho n'kugwa ngati mvula. Ndi zomwe zimachitika pansi pa chivundikiro cha mphika wa nyemba, pamene nthunzi ikhudza chitsulo chozizira n'kubwerera ngati madzi, kungoti kumeneko chimene chikuwira ndi chitsulo chenichenicho. Makolo athu amene ankayenga chitsulo m'ng'anjo, zomwe zotsalira zake zikuonekabe ku Kasungu, ankavutika usiku wonse ndi makala ndi mivukuto kuti apeze kachitsulo kosulira khasu limodzi. Ndimalakalaka ndikanatha kuwauza kuti kuli dziko kumene chitsulo chimakhala m'mitambo.

Alipo ena ambiri amene ndingowatchula mwachidule. KELT-9b limatentha pafupifupi madigiri 4,300 kumbali ya masana, kuposa nyenyezi zambiri, pamene pamwamba pa dzuwa lathu pamatentha pafupifupi madigiri 5,500. HD 189733b ndi lobiriwira ngati thambo, ndipo munthu angaliyese la madzi, koma mtunduwo akuti umachokera ku tizidutswa tonga galasi touluzika ndi mphepo yoopsa. Pa 55 Cancri e chaka chimatha m'maola 18, kutanthauza kuti mlonda ngati ine akanamaliza theka la chaka ndi kupitirira pa usiku umodzi wa ntchito. Kepler-16b, lolengezedwa mu 2011, limazungulira nyenyezi ziwiri nthawi imodzi, choncho kumeneko madzuwa amalowa awiri. Ndipo kanyenyezi kofiira kotchedwa TRAPPIST-1 kali ndi mapulaneti asanu ndi awiri amiyala, aakulu mofanana ndi dziko lathu, onse othithikana pafupi nako kuposa mmene Mercury alili ndi dzuwa. Lamkati limazungulira m'tsiku limodzi ndi theka, lakunja m'masiku pafupifupi 19. Chinanso chimene sindinachiyembekezere n'chakuti mapulaneti opezeka kawirikawiri ndi apakatikati, aakulu kuposa dziko lapansi koma aang'ono kuposa Neptune (pulaneti lakutali kwambiri mwa ozungulira dzuwa lathu), mtundu umene dzuwa lathu lilibe ngakhale limodzi. Tinkaganiza kuti mudzi wathu ndiwo muyezo wa midzi yonse, koma zikuoneka kuti mwina ndi ife amene tili achilendo.

Ena anganene kuti izi ndi za ku Ulaya ndi ku America, ndipo apa ndipo ndikufuna kuti owerenga anu amve bwino. Dera limene ndimalondera limatchedwa Observatory chifukwa cha nyumba yofufuzira zakumwamba imene ili pa phiri lake. Pamalo amenewa, mu 1915, Robert Innes, munthu wobadwira ku Scotland yemwe poyamba anali wogulitsa vinyo ku Sydney, anayerekeza zithunzi ziwiri za thambo zojambulidwa zaka zosiyana n'kuona kanyenyezi kosaoneka ndi maso komwe kanali katasuntha. Kanyenyeziko ndi Proxima Centauri, nyenyezi yapafupi kwambiri ndi dzuwa lathu kuposa ina iliyonse. Patapita zaka 101, mu 2016, kunalengezedwa kuti nayo ili ndi pulaneti, lolemera pang'ono kuposa dziko lapansi, lomwe chaka chake ndi masiku 11, ndipo lili pa mtunda umene madzi angathe kukhala osauma ndi osaundana ngati lili ndi mlengalenga woyenera. Kanyenyeziko kamalavula malawi oopsa kawirikawiri, zomwe zingawononge mlengalenga wa pulanetilo, choncho asayansi osamala salonjeza kuti kuli moyo. Kuwala kwake kumatenga zaka zinayi ndi miyezi ingapo kufika kuno, ndipo chombo cha Voyager 1, chimene chinanyamuka mu 1977 ndipo chikuthamanga makilomita 17 pa sekondi, chikanafuna zaka zoposa 70,000 kuti chiyende mtunda wotero. Ana a Amalawi ambiri a ku Yeoville, Bellevue ndi Berea amakulira pamalo oti akhoza kuyenda wapansi kukafika pa phirilo, koma sindinakumanepo ndi mmodzi yemwe amene amadziwa chimene chinatulukiridwa pamenepo.

Si mbiri yakale yokha. Ku Sutherland, m'chipululu cha Karoo, kumene kuli telesikopu yaikulu ya SALT imene inatsegulidwa mu 2005, kunaikidwanso makamera a ntchito yosaka mapulaneti yotchedwa WASP. Makamera amenewo ndiwo anapeza WASP-17b, limene mu 2009 linadabwitsa akatswiri chifukwa limazungulira mobwerera, motsutsana ndi mmene nyenyezi yake imatembenukira. Anapezanso WASP-96b, lomwe telesikopu ya James Webb inasonyeza nthunzi ya madzi m'mlengalenga mwake pa zotsatira zake zoyamba mu July 2022. Dziko lonse linaona zimenezo pa wailesi yakanema, koma ndi ochepa amene anauzidwa kuti pulanetilo linayamba kuonedwa kuchokera pa nthaka ya Africa.

Tsopano ndifike pa dzina lili pamutu wa kalatayi. Mu 2019 bungwe la akatswiri a zakuthambo padziko lonse, International Astronomical Union, linapatsa maiko mwayi wotcha maina nyenyezi imodzi ndi pulaneti lake. A ku South Africa anatcha yawo Naledi ndi pulaneti lake Krotoa. A ku Tanzania anasankha Mpingo ndi Tanzanite. Abale athu a ku Zambia anatcha nyenyezi HD 85390 kuti Natasha, ndipo pulaneti lake analitcha Madalitso. Ndinabwereza kuwerenga dzinalo katatu. Ndi mawu a chinenero chathu chomwe chino, dzina limene lili m'kaundula wa pafupifupi sukulu iliyonse ya ku Malawi, ndipo tsopano ndi dzina lovomerezeka la dziko lina limene kuwala kwa nyenyezi yake kumatenga zaka zoposa 100 kutifika. Pa zaka zanga za uphunzitsi ndinaphunzitsa ana angapo otchedwa Madalitso, anyamata ndi atsikana omwe. Ndikanadziwa chinthu chotere ndili ndi choko m'manja, ndikhulupirira kuti kalasi yonse ikanakhala chete tsiku limenelo, ndipo mwina mmodzi mwa iwo akanatenga masamu ndi sayansi ndi mtima wina.

Ndikudziwa chimene ena andiyankhe, chifukwa anzanga a kuno anandiuza kale: munthu amene akuganiza za mtengo wa feteleza, za chimanga chimene chatha m'nkhokwe, kapena za mapepala ake okhalira m'dziko la eni, alibe nthawi ya mvula ya chitsulo. Sindikupeputsa zimenezo, pakuti inenso ndimatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi ndipo ndimadziwa kulemera kwake. Koma sindivomereza kuti umphawi umachotsa mwa munthu njala yofuna kudziwa. Agogo athu, amene analibe magetsi kapena sukulu, anatcha nyenyezi maina ndipo ankawerengera nazo nyengo. Sanadikire kuti alemere kaye. Komanso anthu athu akukamba kale za nkhanizi, monga uthenga uja wasonyezera, kungoti akuzilandira zopotoka chifukwa zolongosoka zili m'Chingerezi chokha. Mwana amene wamvetsa kuti kuchepa kwa kuwala kobwerezabwereza ndi umboni, ndipo kuti umboni umodzi wosatsimikizika sukwanira kulengeza kuti kwapezeka moyo, waphunzira kupenda nkhani, ndipo luso limenelo lidzamuteteza kwa ogulitsa mankhwala abodza ndi kwa olonjeza chuma cha msangamsanga. Tisaiwalenso kuti midzi yathu ili ndi chinthu chimene mizinda yolemera inataya, ndicho mdima weniweni wa usiku. Mwana wa ku Nyika kapena wa m'mphepete mwa phiri la Dedza amaona nyenyezi zambiri kuposa mwana wa ku Sandton.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi lakuti mupatule kadanga, ngakhale kamodzi pa mwezi, kofotokoza za kumwamba m'Chichewa chomveka, ndipo mupemphe aphunzitsi a sayansi a m'mayunivesite ndi m'masekondale athu kuti azilemba. Pamene nkhani yonga ya K2-18b yatuluka, muziuza owerenga chimene chayezedwa, chimene chikungoganiziridwa, ndi amene akutsutsa. Mudzafunikanso kulimba mtima pa mawu. Polemba kalatayi ndavutika kusankha pakati pa “pulaneti” ndi “dziko”, chifukwa “dziko” limapangitsa munthu kuganiza za malo okhala anthu, ndipo ndikukayikira kuti mphekesera ija inayambira pomwepo, pamene wina anamasulira mosasamala. Tikufunikanso mawu amodzi ogwirizana onena mtunda umene kuwala kumayenda pa chaka, m'malo moti aliyense azifotokoza mozungulira monga ndachitira ine. Mawu otere sakhazikika ndi lamulo la komiti. Amakhazikika pamene nyuzipepala yawagwiritsa ntchito mobwerezabwereza mpaka anthu awazolowera, ndipo pa ntchito imeneyo inu muli ndi mphamvu imene ife owerenga tilibe.

Kwa owerenga amene angafune kuyamba okha usiku uno, m'miyezi ya chisanu yang'anani kum'mwera dzuwa litangolowa, mupeze nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda ndi ziwiri zowala zimene zikuloza mtandawo. Yowala kwambiri mwa ziwirizo, imene ili kutali ndi mtanda, ndi Alpha Centauri. Proxima ili pambali pake, pa mpata wokwana kukula kwa mwezi wathunthu, monga umaonekera kumwamba, kanayi, ngakhale simudzaiona popanda telesikopu. Ine ndinamuonetsa mdzukulu wanga malowo titaima pa khonde ku Yeoville, phiri la Observatory lili chapafupi, ndipo wandipempha kuti tchuthi chikubwerachi ndimuperekeze ku nyumba yoonetsera nyenyezi ya pa yunivesite ya Wits.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wakale wa ku Ntcheu,
Yeoville, Johannesburg